Ndinaphunzira Malamulo a Eni, Munda wa Bambo Unapita

Inu owerenga, munda wa bambo anga sunalandidwe ndi mfuti kapena ndi ufiti. Unapita chifukwa cha ine, mwana wawo yemwe anamuphunzitsa mpaka ku yunivesite kuti adzauteteze. Nkhaniyi ndakhala nayo pamtima kwa zaka zingapo, ndipo ngakhale pano ndikulemba manyazi akundigwira. Koma ndikuona achinyamata ambiri kuno kwathu akuthamangira sukulu zakunja monga ndinachitira ine, ndiye ndati bola ndidziyalutse ndekha kusiyana n'kuti wina agwere m'dzenje lomwelo ine ndikuonerera.

Kwathu ndi ku Itepela, m'boma la Ngauma. Bambo ndi mayi anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo pobwerera anapeza mudzi wasanduka tchire. Bambo anatenga nkhwangwa n'kuyamba kugwetsa mitengo kuchokera pa khwawa mpaka kukafika pa chulu chachikulu. Umenewo ndiwo unakhala munda wathu. Pepala la mundawo analibe, ndipo panalibe amene ankalifunsa, chifukwa mudzi wonse unkadziwa kuti chitsa chilichonse m'menemo anazula ndi bambo. Ankalimamo fodya, chimanga ndi nyemba. Ine ndi achemwali anga awiri tinakulira m'mizere ya munda umenewo.

Tsono muyenera kumvetsa mmene ife a m'malire timaonera zinthu. Kwa ife ku Malawi si kunja. Ukafika pa Mandimba umangokwera njinga yamoto, posakhalitsa uli pa Chiponde, ukutsatsa shuga m'chinenero chako chomwe. Azakhali anga anakwatiwa ku Namwera. Wailesi ya kunyumba kwathu inkagwira bwino za ku Malawi kuposa za kwathu. Pa msika amalandira metikali ndi kwacha mosasankha. Maliro timaikira limodzi, maukwati timavinira limodzi. Ndiye ine ndinakula ndikudziwa kuti malire ndi nkhani ya zidindo za m'pasipoti basi, zina zonse n'zimodzi.

Sekondale ndinakamalizira ku Cuamba, komwe ndinkakhala m'kachipinda kalendi pafupi ndi njanji. Kumeneko ndinaona zakuda. Chipwitikizi changa chinkatuluka chikununkha Chinyanja, ndipo anzanga Achimakuwa anandipatsa dzina loti Malawiano. Ndikangotsegula pakamwa m'kalasi, kumbuyo kunkayamba phwete. Koma pa Chingerezi panalibe wondiposa, chifukwa ndinakula ndi wailesi ija komanso asuweni anga a ku Namwera. Nditamaliza ndinalemba mayeso olowera ku mayunivesite a kwathu kuno, dzina langa osatuluka. Ena mwa ondiseka aja mayina awo anatuluka. Ndikuuzeni zoona, chimene chinandiwawa kwambiri si kulepherako ayi, koma kuganiza kuti ndikadzakumana nawo pa msika wa Cuamba ndidzayang'ana kuti.

Chaka chomwecho m'mudzi woyandikana ndi wathu munabwera galimoto yoyera, anthu ake atanyamula timakina toyezera malo. Patapita miyezi tinamva kuti mabanja ena kumeneko achoka m'minda yawo. Nkhaniyi inawasowetsa mtendere bambo. Tsiku lina tikusankha fodya m'chigafa anangoyankhula okha, maso ali pa tsamba, kuti pakhomo pakanakhala mwana wodziwa malamulo bwenzi mtima wawo uli m'malo. Sanandiuze kuti ndikaphunzire malamulo. Ndinadzitolera ndekha mawuwo, ndipo anandikomera, chifukwa anandipatsa chifukwa chabwino chobisira kunyada kwanga.

Posakhalitsa ndinaona pa foni chilengezo cha yunivesite ina ya ku Blantyre, yosakhala ya boma. Panali zithunzi za anyamata atavala mikanjo yakuda, mabuku onenepa ali m'khwapa. Ndinayang'ana zinthu zitatu zokha. Ndi pafupi, ulendo wa tsiku limodzi. Amaphunzitsa m'Chingerezi, chimene palibe angandisekere. Ndipo ndikamaliza ndidzatchedwa loya. Basi, kusankha kwanga konse kunathera pamenepo. Munthu pogula mbuzi amaiyang'ana mano, koma ine maphunziro a zaka zinayi ndinawagula poona chithunzi.

Panali munthu mmodzi amene anayesa kundibweza. Ndi a Saide, aphunzitsi anga a mbiri yakale ku Cuamba, munthu wa ku Mecanhelas amene ankandiyankhula m'Chinyanja tikakhala awiri. Ndinapita kukatenga satifiketi yanga, ndiye ndinadzera kwawo kukadzitamandira. Ndinawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga. Anamvetsera mpaka nditamaliza, kenako anandifunsa kuti ndikamaliza ndidzagwira ntchito mbali iti ya malire. Ndinati kuno, n'kuwafotokozera za munda wa bambo.

Anaika chubu pansi. "Mwanawe, masamu amawoloka malire. Ulimi umawoloka. Koma lamulo limatsikira pa Chiponde. Anzathu aja analandira la Angerezi, ife la Apwitikizi, ndipo pa nkhani ya nthaka ndiye tinasiyana kutalitali. Lembanso mayeso chaka chamawa. Ngati mtima wakakamira ku Malawi, kasankhe phunziro lina. Ndipo usanalipire kalikonse, kayambe wafunsa ku maofesi a maphunziro za ekivalensiya."

Ekivalensiya, kwa inu osadziwa, ndi chivomerezo cha boma lathu chonena kuti pepala lomwe watenga kunja likugwiranso ntchito kuno. Ine mawuwo ndinawamva ngati chiphaliwali cha kutali. Ndinathokoza mwaulemu, koma ndili m'shapa, minibasi ya kwathu kuno, kubwerera ku Mandimba mumtima ndinkati mkuluyu ndi nsanje, wakalambira pa choko ndiye sakufuna kuti mwana wa mlimi amupose. Amati wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndinamuyesa mdani, ndipo ku maofesiko sindinapondeko.

Bambo nditawauza anakondwa ngati mwana. Iwo ankailemekeza sukulu ya ku Malawi kuyambira nthawi ya uthawathawa. Sanafunse zambiri, chifukwa akanafunsa chiyani munthu amene sanapiteko ku sukulu? Anangowonjezera mizere ya fodya. Chaka chilichonse mabelo akagulidwa, zotuluka zinkawoloka malire kunditsatira. Munda womwewo ndiwo unandiphunzitsa. Mchemwali wanga wamng'ono anasiyira sukulu panjira n'kumathirira nazale, popeza mundawo sukanatha kunyamula ana awiri.

Sukulu ija sindingaiimbe mlandu ngakhale pang'ono. Inalonjeza kuphunzitsa malamulo a dziko la Malawi, ndipo inandiphunzitsadi bwino. Ndinalimbikira, ndinkakhoza. Ndinaloweza milandu yakalekale yoweruzidwa ku Mangalande, mayina a azungu amene anafa agogo anga asanabadwe. Koma chimene ndinachikonda kuposa zonse ndi chiletso cha khoti. Kumeneko ndinkaona ndi maso anga mmene chimagwirira ntchito. Anthu akufuna kugwetsa nyumba, loya wathamangira ku khoti, kapepala katuluka, zonse zaima. Ndinkati mumtima, mankhwala a munda wathu ndi amenewa. Adzangoyerekeza kubwera ndi galimoto yawo yoyera, adzandidziwa.

Chaka chachitatu ndi chimene ndimafuna mumvetsere bwino, chifukwa mpaka pamenepa ndingathe kunena kuti ndinali mbuli chabe. Tinayamba phunziro la malamulo a nthaka. Mphunzitsi wake anali mayi wina wodekha, ndipo tsiku lina m'kalasi anandifunsa kuti kwanu ku Mozambique zimenezi zimayenda bwanji. Ndinazemba funsolo. Titatuluka anandiitanira pambali n'kundiuza kuti iwo amamva zoti kwathu nthaka yonse ndi ya boma, sigulitsidwa, munthu amangokhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, ndipo zimene akundiphunzitsazo mwina sizikagwira ntchito kumeneko. Anandifunsa ngati ndinafufuza. Ndinawanamiza kuti ndinafufuza kalekale.

Ndinadziwa pomwepo kuti a Saide ananena zoona. Limenelo ndilo tsiku limene ndikanakwera basi kubwerera kwathu, n'kukagwada pamaso pa bambo. Koma ndikanayamba bwanji? Fodya wa zaka zitatu anali atapita. Mchemwali wanga anali atataya sukulu. Ndipo ku Cuamba anthu anali atamva kuti Malawiano akuphunzira uloya kunja. Ndinadzinyenga kuti lamulo ndi lamulo, ndikadzafika kwathu ndidzangowerenga pang'ono, zidzalumikizana zokha. Ndinasankha kukhala chete, ndipo ngakhale buku limodzi la malamulo a kwathu sindinalitsegule, chifukwa ndinkaopa zimene ndikanapezamo.

Nditabwera ndi digiri, bambo anachita sadaka. Anapha mbuzi, mpunga unaphikidwa, ashehe anapemphera. Kuno kwathu munthu womaliza yunivesite amatchedwa dotolo, ndiye kuyambira tsiku limenelo bambo anga ondibereka anasiya kunditchula kuti iwe. Anayamba kumati inu, adotolo. Anthu ankabwera pakhonde ndi milandu yawo ya mabanja ndi ya mbuzi zodya mmera, ine n'kumawayankha ndikuponyamo mawu a Chingerezi kuti amve kulemera kwake. Ankachoka akugwedeza mitu, osamva kanthu koma okhutira.

Mwakachetechete ndinapita ku maofesi a maphunziro a ku Lichinga ndi mapepala anga. Anandilandira bwino, n'kundifotokozera kuti mapepalawo ayenera kumasuliridwa m'Chipwitikizi, apite ku Maputo, ndidikire. Anawonjeza kuti ngakhale atavomerezedwa, sindingaimire munthu pa bwalo la milandu ndisanaphunzire malamulo a kuno ndi kudutsa njira zonse zimene maloya a kuno amadutsa. Ndinatolera mapepala anga n'kutuluka. Nditafika kunyumba bambo anandifunsa kuti mwayenda bwanji adotolo, ine ndinati zonse zikuyenda.

Chilimwe chomwecho chimene bambo ankaopa chinafika. Munthu wina wamalonda wochokera ku Nampula anapempha malo aakulu oti alimepo soya, ndipo malowo anakhudza mbali ya kwathu. Sekeletaliyo wa m'mudzi anayenda khomo ndi khomo kulengeza kuti Loweruka kudzakhala konsuta pa bwalo la sukulu. Konsuta ndi msonkhano umene a boma amabwera kudzafunsa anthu a m'mudzi ngati malo opemphedwawo ali ndi eni ake. Tsoka lake, chaka chimenecho bambo anali ataugoneka mundawo, chifukwa fodya wa zaka zonsezo anali atautopetsa. Anangolima kachigawo pafupi ndi nyumba. Kwina konseko kunamera udzu wofika m'chiuno, moti mlendo akanangoti ndi tchire lopanda mwini.

Loweruka m'mamawa bambo anasamba, anavala mkanjo wawo woyera ndi kofiya. Kunafika a Jafali, anzawo ochita nawo malire a munda, munthu wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake. Anabwera pa njinga kudzawatenga, atagwirizana kuti aliyense akachitire mnzake umboni. Bambo ali pafupi kukwera pa kaliyala, ine ndinatuluka m'nyumba n'kuwaimitsa.

Ndinawauza kuti msonkhano umenewo ndi msampha. Ndinati mukakangokhala pamenepo adzalemba kuti mwavomera, mukakayankhula adzatembenuza mawu anu, ndipo popeza mulibe pepala adzakusekani. Ndinati munthu wanzeru sayankhula pa bwalo la sukulu, amakayankhula ku khoti. Ine ndikatenga chiletso, ndipo thirakitala yawo siidzaponda ngakhale pa khwawa.

A Jafali anapukusa mutu. "Achimwene, tiyeni. Nkhani ya munda amanena ndi mwini wake, pamaso pa anthu. Zinazo adzaonjezera adotolo pambuyo."

Bambo anayang'ana a Jafali, anayang'ananso ine. Ndinaona kuti mtima wawo ukufuna kupita. Koma anali atathira zaka zinayi za thukuta m'mutu mwangamu, ndiye akanandikana bwanji pamaso pa mnzawo? Anavula kofiya n'kunena motsitsa, "Pitani a Jafali. Ine adotolo andiletsa."

Inu owerenga, sindikudziwa ngati pali tsiku limene ndimalilira kuposa limenelo. Ndipo chondipweteka n'chakuti sindinanene zimenezo chifukwa chodziwa. Ndinanena chifukwa choopa. Bambo akanapita, akanafuna kuti ndiwaperekeze, anthu akanandiimiritsa kuti dotolo ayankhule, ndipo a boma akanandifunsa m'Chipwitikizi za malamulo amene sindinawawerengepo. Ndinateteza nkhope yanga, n'kuitcha nzeru.

Madzulo a Jafali anabwera kudzatiuza mmene zinayendera. Iwo anaimirira n'kunena kuti munda wawo ukuyambira apa kukafika apo, mboni ndi awa ndi awa. Anthu anavomereza, a boma analemba, munda wawo unatsala kunja kwa malire a soya. Onse amene anaimirira n'kutero minda yawo inatsala. Atafika pa tchire lathu lija, a Jafali ananena kuti limenelo ndi la uje. A boma anafunsa kuti mwini wake ali kuti. Sekeletaliyo anayankha kuti anaitanidwa koma akana kubwera, akuti ali ndi njira yawo. Anaitana dzina la bambo katatu. Kenako anapitirira.

Ine ndinaseka n'kuwauza kuti asadandaule. Ndinadzitsekera m'nyumba masabata angapo ndikulemba pempho langa la chiletso, poyamba m'Chingerezi monga anandiphunzitsira, kenako n'kumalitembenuza m'Chipwitikizi mothandizidwa ndi foni. Linatuluka lalitali, lodzaza ndi mayina a milandu ya ku Mangalande. Sindinkadziwa kuti nthawi yomweyo pa ofesi ya boma panali patakhomedwa chikalata cholengeza za malowo, chopatsa aliyense wodandaula masiku oti akanene. A Jafali anamva za chikalatacho n'kudzandiuza. Ndinawayankha kuti zimenezo n'zing'onozing'ono, ine ndikupita kwa woweruza. Masikuwo anatha.

Tsiku lopita ku khoti ndinavala jekete ndi tayi, dzuwa likuswa mtengo. Kalaliki anayang'ana pempho langa, anandiyang'ananso ine, n'kundilozera kachipinda kena komwe kunkakhala mayi wina wothandiza anthu osauka pa milandu mwaulere. Anali mayi wa msinkhu wa mayi anga, ali ndi tebulo losweka mwendo ndi mafayilo ambirimbiri. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, n'kutseka. Atamva Chipwitikizi changa anasinthira ku Chinyanja kuti asandivutitse.

Anandiuza kuti njira yofanana ndi chiletso iliko kunonso, koma silembedwa chonchi, ndipo milandu ya azungu yomwe ndatchulayo palibe woweruza wa kuno amene ingamugwedeze. Anafunsa kuti ndasaina ngati ndani, popeza dzina langa silili m'kaundula wa maloya. Kenako anafunsa zaka zimene bambo akhala akulima pamalopo. Nditawauza, anatukula mutu.

"Ndiye bambo anuwo anali ndi ufulu wonse. Lamulo lathu limamuzindikira munthu wotere ngakhale alibe pepala. Mawu a anansi ake ndi umboni wokwanira. Ku konsuta anakanena chiyani?"

Ndinati sanapite.

"Anadwala?"

Ndinati ayi, ndinawaletsa ndine.

Mayi aja sanandinyoze, ndipo bola akanandinyoza. Anangoti, "Mwana wanga, khomo linali lotsegula kawiri, inu munakagogoda pa khoma. Tiyesa, koma tsopano njira yatalika." Ndinakhala pa benchi panja pa khotipo, tayi ali pakhosi, n'kulira ngati mwana. Safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo ndinadyetsa banja lonse.

Ndinawapeza bambo m'chigafa akukonza mitengo yoyanikira fodya. Ndinagwada n'kuwauza zonse, kuyambira za a Saide mpaka za mayi a ku khoti. Anamvetsera ali chiimire, chingwe chili m'manja. Sanakalipe. Anandifunsa funso limodzi lokha, kuti ndinadziwa liti zoti maphunzirowo sadzagwira ntchito kuno. Ndinati chaka chachitatu.

"Chaka chachitatu," anabwereza. "Ndiye iwe unandisiya ndibzale fodya wina."

Anatembenuka n'kupitiriza kumanga mitengo ya chigafa chimene sichinadzalowenso fodya. Mvula isanagwe anthu anabwera kudzazika mitengo ya waya, ndipo thirakitala inalowa. Chulu chija anachisalaza tsiku limodzi.

Mayi a ku khoti aja anayesetsadi. Analemba madandaulo m'njira yoyenera, a Jafali ndi ena anapita kukachitira umboni. Koma pepala la konsuta limanena zoona zake, kuti banja lathu linaitanidwa ndipo linakana kubwera, ndiye paliponse pamene tapita funso loyamba limakhala lomwelo. Mlandu udakalipo m'mafayilo, amati mlandu suwola. Koma soya wakololedwa katatu tsopano, ndipo bambo sakubwerera ku unyamata. Anatsala ndi kachigawo ka pafupi ndi nyumba kaja, kosakwanira chakudya cha chaka. Mchemwali wanga wamng'ono anakwatiwa ku Mandimba. Amandipatsa moni bwinobwino, koma za sukulu sitinakambepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine ndilibe mphamvu yoyambitsa.

Ine pano ndimakhala pa malire, kuthandiza madalaivala a magalimoto akuluakulu kulemba mafomu ndi kuwamasulira Chingerezi ndi Chipwitikizi. Ndiyo ntchito imene digiri yanga inandipezera. Ndinalembanso mayeso aja amene ndinkawathawa, ndinakhoza ulendo wachiwiri, ndipo ndayambiranso malamulo kuchokera chaka choyamba, a kwathu tsopano, pamodzi ndi ana amene ndinawasiya ku pulayimale. Chipwitikizi changa amachisekabe. Ndazindikira mochedwa kuti kusekedwa sikupha munthu.

Sindikunena kuti kuphunzira kunja n'koipa ayi. Alipo anzanga amene anapita ku Malawi, ku Tanzania ngakhale kutsidya kwa nyanja, anabwera ndipo akuthandiza dziko. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anayamba afunsa. Musanasankhe sukulu, pitani nokha ku maofesi a maphunziro mukamve ngati pepala lake limavomerezedwa kuno, osati kumvera chilengezo cha pa foni. Funafunani munthu amene anaphunzira zomwezo kumeneko n'kubwerera, muone chimene akuchita lero. Ngati simukumupeza, dzifunseni chifukwa chake. Ndipo dziyang'aneni mumtima moona: kodi mukupita kunjako chifukwa phunzirolo lili bwino, kapena mukuthawa manyazi a kwanu? Manyazi amakwera nawo basi yomweyo.

Koposa zonse, mukadzazindikira muli pakati kuti mwasochera, nenani tsiku lomwelo. Kholo limapsa mtima, kenako limakhululuka, n'kuyamba nanu njira ina. Chimene chimaswa kholo ndi kudzamva kuti munkadziwa. Ndiponso musadzagwiritse ntchito ulemu umene anthu osaphunzira amakupatsani kuti mubise umbuli wanu, chifukwa iwo amakumverani ndi mtima wonse, ndipo chimene amataya pokumverani sichibwerera.

Ndalimba mtima kulemba zonsezi chifukwa cha zimene ndinaona Januwale wapitayu. Ndinatsika shapa pa mphambano n'kumayenda wapansi kupita kwathu kukaona makolo. Njira imadutsa m'mbali mwa waya uja. M'katimo munali mzere wa anthu aganyu akupalira soya, ndipo pakati pawo ndinaona munthu wina akukweza khasu ndi dzanja lamanzere. Bambo anga ndi amanzere. Ndinaima. Palibe amene anandiuzapo kuti ayamba ganyu, mayi anandibisira.

Ndinawaitana. Anabwera pa waya akupukuta thukuta ndi malaya, nandipatsa moni ngati takumana pa msika. Iwo poona nkhope yanga anayesa kunditonthoza.

"Usadandaule, kapitawo amandikonda. Ndimamuuza pomwe madzi amadikha ndi pomwe pali miyala. Anzangawa nthaka ino saidziwa."

Anamwetulira ponena zimenezo. Nthawi yomweyo kapitawo anaimba mluzu, ndipo bambo anandiuza kuti nditsogole kunyumba, iwo asadulidwe tsiku. Inu owerenga, ngati kwanu kuli kholo limene likuwerama m'munda kuti inu muphunzire, funsani musanasankhe, ndipo musalibisire kanthu. Ine ndinaima pa waya paja, manja ali pamutu, ndikuona bambo anga, munthu wa imvi, akuthamangira mluzu wa mlendo m'munda mwawo.